Kampani ya Apongozi

Lamulo la kukhonsolo linali losavuta kumva: chilichonse chofuna ndalama za boma, kaya ndi mlatho kaya ndi chigubu cha penti, komiti ya zomangamanga isagule pokhapokha makampani atatu atapikisana mitengo. Amene analemba lamulolo ayenera kuti anali wa mumzinda, kumene makontirakitala amachita kupondana pakhomo. Kuno kunsi kwa phiri, chakumbali ya Thuchila, mmisiri woti khoma lake n'kuona dzinja lachiwiri analipo mmodzi yekha, Fanuel. Tsono poti lamulo linkafuna atatu, Fanuel anadzisandutsa atatu.

Kampani yoyamba inali yakeyake, Khama Lipindula. Yachiwiri anailembetsa m'dzina la mkazi wake Emelda, n'kuitcha Tiyese Nawo. Yachitatu inali ya apongozi ake aakazi, a Esteri, ndipo anaipatsa dzina limene analitola kumbuyo kwa minibasi, Zonse ndi Nthawi. Makampani awiri enawa analibe ngakhale wilibala. Ntchito yawo inali imodzi basi, kuluza. Kukhonsolo ankawatchula kuti operekeza, monga atsikana aja amavala zofanana pa ukwati, kuvina tsiku lonse, dzuwa likapendeka n'kubwerera kwa amayi awo.

Ntchito ikalengezedwa, Fanuel ankakhala pakhonde ndi mabolopeni atatu osiyana mitundu. Pa pepala lake ankalemba mtengo woti munthu n'kuumva. Pa la Emelda ankakwezako. Pa la apongozi ankakweza mopanda manyazi, ngati kampaniyo imanga ndi golide. Emelda ankasaina lake, kenaka n'kunyamula linalo kupita nalo kunyumba kwa mayi ake, kuseri kwa nthochi, pamodzi ndi inki ndi paketi imodzi ya shuga. A Esteri ankadinda chala, shuga n'kutsala, pepala n'kubwerera. Sanafunsepo kuti akudindira chiyani.

Tsiku lotsegula bokosi kukhonsolo linali ndi ulemu wake. Bokosilo linali ndi maloko atatu, kiyi aliyense ndi womusunga wake, kuti pasakhale wobera. Ankayamba ndi pemphero. Kenaka a Hudson, kalaliki wa komiti, ankang'amba maenvulopu n'kumawerenga mitengo mokweza, makhansala akugwedeza mitu. Akafika pa Khama Lipindula onse ankadabwa ndi kutsika mtengo kwake. Ankadabwa chaka ndi chaka osatopa, akamaliza kudabwako n'kumwa fanta ndi mabanzi, n'kusainira alawansi. Musaganize kuti Fanuel ankamanga zachinyengo, ayi ndithu. Simenti ankathira mokwanira, ndipo zimbudzi zake zilipobe mpaka lero. Chinyengo chake chinali cha papepala pokha, ndiponso kangachepe kamene ankapatsa a Hudson, pajatu amati mbuzi imadya pamene aimangirira.

Ndi apongozi akewo Fanuel anali asanalankhulanepo maso ndi maso. Mabanja ambiri masiku ano zoopana ndi apongozi anazisiya, mkamwini amatha kuonera mpira pa mpando umodzi ndi mayi a mkazi wake. Koma a Esteri anali achikale. Makolo awo anachokera kuseri kwa phiri, ku Mozambique, ndipo iwo anagwira ukapitawo pa esiteti ya tiyi mpaka tsitsi kuyera, mwambo osautaya. Akakumana panjira, Fanuel ankapatukira m'munda wa nandolo, iwo n'kutembenukira kumbali, chitenje atagwirira pakamwa. Mawu alionse ankadzera mwa Emelda. Mwambo womwewo umalola kuthetsa zimenezi: mkamwini amapereka nkhuku, akuluakulu n'kuwakhazika awiriwo pamphasa imodzi, kuyambira pamenepo azilankhulana. Emelda anamukumbutsapo kangapo akali achinyamata. Fanuel ankangoti tidzaona, chifukwa kwa iye apongozi osalankhula nawo ndiye anali apongozi abwino, komanso nkhuku siitoledwa panjira.

Chimene chinkamudya mumtima chinali chikamwini. Munthu amene anamanga misika ya theka la boma lonse, pakhomo pomwe ankagona analibe mawu ngakhale a pomwe khola la nkhunda liime. Mapeyala amene anadzala ndi manja ake anali a kwa Emelda. Ana ake, Brenda ndi Lizzie, anali a kwa Emelda. Pakakhala nkhani pamudzi ankaitanidwa kudzanyamula mabenchi, nkhani ikati iyambe n'kumuthokoza kwambiri. N'chifukwa chake mmisiri wotchukayu ankagona m'kanyumba ka zidina kodontha pakona. Ankachita dala. Ndani amathira simenti pa nthaka ya eni?

Mtima wake unali pa puloti ina pa Thuchila, m'mbali mwa msewu, imene a Thomson, mwini wake, anamulonjeza kuti amusungira. Ankafuna geti lolembedwa dzina lake, ndiponso kumutenga Emelda chitengwa, kuti naye akafe ali pake. Nkhaniyi anali ataifikitsa kale kwa a Jailos, atsibweni ake a Emelda, amene anali mwinimbumba.

"Chitengwa ife sitikana, bambo," anatero a Jailos. "Koma mwana wathu sangachoke pansi pa denga kupita pansi pa mtengo. Mutionetse nyumba yoposa imene akugonamo kunoyi, mumutenge."

Fanuel anaseka chamumtima. Kuposa kanyumba kodontha kaja sikunkafuna nzeru, kunkangofuna ntchito imodzi yonona.

Ntchito yononayo inabwera. Khonsolo inalengeza kuti ikufuna womanga shedi ya msika wa pa Namikhate: malata, mabenchi a simenti ogulitsirapo, zimbudzi, ndi ngalande yozungulira. Phindu lake linali lokwanira puloti ndi makoma mpaka pa denga. Fanuel anagula mabolopeni atsopano. Koma asanalembe kanthu, a Hudson anamuitanira m'tiirumu ina kuseri kwa maofesi, n'kuitanitsa tiyi wamkaka wa anthu awiri pa ndalama ya Fanuel.

"Achimwene, zinthu zavuta pang'ono," anatero a Hudson. "Kwabwera bwana watsopano wa zogulagula, mayi Jacqueline. Mtsikana wakeyo amawerenga, mpaka mafayilo a m'kabati ya makoswe. Dzana anandifunsa kuti kodi makampani awiri enawa ali ndi tsoka lanji, chaka ndi chaka kumangoluza osakhumudwa?"

"Ndiye munati chiyani?"

"Ndinati ndi anthu opirira. Koma ulendo uno apambane wina, maso achoke pa ife. Nanga si thumba ndi limodzi? Musankhe nokha, akazi anu kapena apongozi."

Fanuel anabwerera akulingalira pa njinga yake yamoto. Emelda ankadziwa kuwerenga, anali ndi foni, ndipo ku banki m'khonde ndiye anali msungichuma. Munthu wotero ukamupatsa kontirakiti ayamba kufunsa kuti thumba la simenti likugulidwa bwanji, mawa lake afuna firiji. Koma apongozi? Apongozi chawo chinali chala. Chala sichifunsa mafunso. Anadziyamikira yekha chifukwa cha nzeru zimenezi, ndipo madzulo ake, kwa nthawi yoyamba, mtengo wotsika unapita kuseri kwa nthochi pamodzi ndi shuga uja.

Tsiku lotsegula bokosi, a Hudson atawerenga mtengo wa Zonse ndi Nthawi, makhansala anadabwa zenizeni, moti mmodzi anatsamwa ndi banzi. Mayi Jacqueline anasangalala kwabasi atamva kuti mwini kampaniyo ndi mzimayi, wachikulire, wa kumudzi. Anati izi ndiye zimene akuluakulu kulikulu amafuna kumva. Anangowonjeza kanthu kamodzi: mwini wakeyo abwere yekha kudzasaina, amuone ndi maso.

Apa ndi pamene mwambo unayamba kumupinga Fanuel. Njinga yamoto anali nayo, koma apongozi angakwere kumbuyo kwa mkamwini n'kumugwira m'chiuno? Dziko likhoza kutha. Anawalipirira kabaza, iwo ndi Emelda, iye n'kumatsatira patali pang'onopang'ono ngati woperekeza maliro. A Esteri anavala chilundu chawo cha Mvano ndi nsapato za pulasitiki, atakhala tswii pa kaliyala, ambulera pamiyendo.

Ofesi ya mayi Jacqueline inali kachipinda kakang'ono, tebulo limodzi ndi benchi limodzi la alendo. A Esteri analowa n'kukhala. Emelda anakhala pambali pawo. Malo otsala pa benchipo anali oti mawondo a munthu n'kukhudzana ndi a apongozi. Fanuel anaima pakhomo, mwendo umodzi m'kati. A Esteri anatembenukira kukhoma, chitenje chija pakamwa.

"Bambo awa ndi ndani?" anafunsa mayi Jacqueline.

"Ndi amuna anga," anatero Emelda. "Angotiperekeza."

"Chabwino, adikire panja."

Fanuel akanatha kukakamira. Koma pakhonde panali amesenjala ndi amayi ogulitsa nthochi, onse omudziwa, ndipo mbiri yoti Fanuel anakhala benchi limodzi ndi apongozi ake ikanafika kumudzi iye asanalize njinga. Anamunong'oneza Emelda kuti akamve zonse bwinobwino, makamaka za ndalama, anene kuti woyendetsa zonse ndi iyeyo. Kenaka anakakhala pansi pa mtengo wa mbawa. Anaiwala zimene akulu ananena, kuti kandimverere anakanena za m'maluwa. M'katimo anakhalitsa. Kunamveka kuseka, kenaka kuwomba m'manja, kenaka mesenjala anathamangira kukaitana wojambula zithunzi.

Atatuluka, a Esteri anadutsa chakutali ndi mtengo uja, mwaulemu, kupita kumene kunali kabaza. Emelda ndiye anabwera.

"Zatheka, bambo a Brenda. Mayi asaina."

"Za ndalama?"

"Zizilowa ku akaunti ya kampani. Mawa tipita kubanki kukaitsitsimutsa."

"Wotapa ndani?"

"Bwana uja anafunsa ngati mayi akufuna kuika munthu wina woti aziwasainira, poti ndi achikulire. Mayi anakweza chala chawo chija n'kunena kuti, chala ichi chakhala chikuluza chokha zaka zonsezi, palibe anachithandiza. Lero chapambana, ndiye chipatse wina?"

Fanuel anadzambatuka. "Nanga iwe unati chiyani?"

"Ine? Ine paja ndine Tiyese Nawo. Ndinaluza. Woluza amalankhula pa kontirakiti ya eni?"

Fanuel anathamangira kwa a Hudson. A Hudson anatseka chitseko, n'kumufunsa modekha kuti akufuna akadandaule kwa ndani, ndipo akanene kuti chiyani. Akanene kuti makampani onse atatu ndi ake? Ndiye kuti awiriwo akagonera limodzi kundende, bulangete limodzi. Anamulangiza kuti apite akakambirane ndi apongozi akewo mwachifatse, poti ndi nkhani ya m'banja. Koma a Hudson anali a ku Ntcheu, analowola, za kuno sankazidziwa.

Patapita masiku angapo Emelda anabwera ndi uthenga kuchokera kuseri kwa nthochi. Anagwada bwinobwino ngati mmene amachitira popereka madzi osamba.

"Mayi akuti afunafuna m'boma lonse lino, mmisiri woposa inu sanamupeze. Akuti ngati muli ndi mpata, akulembeni ufolomani."

Fanuel anakana usiku umodzi wokha. M'mawa mwake anaganiza kuti ntchito ikagwa, dzina loipa ligwera pakhomo pomwepo, ndipo ikatheka mwina phindu lija apongozi adzalipereka kwa mwini nzeru. Nanga nkhalamba ingachite nazo chiyani ndalama zochuluka chotero? Ananyamula chopimira chake n'kupita ku Namikhate.

Anthu a pamsikapo sadzaiwala mmene shedi ija inamangidwira. A Esteri ankafika dzuwa lisanatuluke, monga ankachitira ku esiteti, n'kukhazika mpando wawo pakhomo pa sitolo ya zipangizo, ambulera pamutu, nkhope kuyang'ana matumba a simenti, msana kulozetsa kwa mkamwini. Kiyi wa sitolo anali pa chingwe m'khosi mwawo. Pakati pa iwo ndi Fanuel pankayenda Emelda.

"Mayi akuti mchenga uwo uli ndi dothi, ubwerere."

"Auze kuti mchengawo ndi umene timagwiritsa ntchito masiku onse."

Emelda ankapita, n'kubwerako. "Akuti n'zoona, koma masiku onsewo sinali kampani yawo."

Anyamata osakaniza simenti ankaluma milomo kuti asaseke. Loweruka lililonse aganyu onse ankalandira zawo nthawi yake, chinthu chachilendo pa ntchito za khonsolo, ndipo envulopu ya folomani inkabwera ndi Emelda, yomata bwino. A Hudson atatumiza mawu okumbutsa za kangachepe kawo kaja, analandira dengu la mapeyala, othyoledwa m'mitengo imene anadzala Fanuel. Sanatumizenso mawu ena.

Ntchito itafika pa denga, a Thomson anayamba kufunsa za puloti, akuti pali wina wa chigayo amene akuwavutitsa. Fanuel anaona kuti zolankhula kudzera mwa Emelda zili ngati kutunga madzi ndi dengu. Anafunika kukhala pansi ndi apongozi, awafotokozere ngati anthu akuluakulu kuti kampani ndi yawo pa dzina, koma phindu lili ndi mwini. Anapita pamsika n'kugula tambala wamkulu, wofiira, wa lipombo logwera kumbali, osanenerera n'komwe mtengo. Anamupereka kwa a Jailos kuti akathetse zoopana zija.

A Jailos anapita kuseri kwa nthochi. Fanuel anasesa pakhonde yekha, n'kuvala malaya a kutchalitchi. Dzuwa likupendeka a Jailos anabwerako, tambala ali kukhwapa, miyendo ikali yomanga.

"Mlongo wanga wathokoza kwambiri," anatero a Jailos atakhala pansi. "Akuti tambala ndi wonenepa, zikuoneka kuti mwini wake ndi munthu waulemu. Koma akuti zaka zonsezi inu ndi iye simunayambanepo ngakhale kamodzi. Akamwini a anzake amatukwanizana ndi apongozi awo pa chitsime, chifukwa chozolowerana. Ndiye akuti chinthu chokoma chonchi tichiwonongerenji ukalamba uno? Ulemu wanu upitirire."

Tambala uja anadyedwa Lamulungu. Fanuel anangodya chiwindi chokha.

Shedi inatha nthawi yake isanakwane, chinthu chimene chinasokoneza komiti, chifukwa panalibe amene ankadziwa kuti ntchito yotha msanga imalembedwa pa fomu iti. Pa tsiku lopereka, wapampando wa komiti analankhula nthawi yaitali za kutukula amayi, ngati kuti nzeruyo inali yake. Mayi Jacqueline anajambulitsa atawakumbatira a Esteri. Amayi a pamsika anavina, nthungululu zili wiriwiri. Fanuel anathandiza kunyamula mabenchi a alendo, mwambo utati uyambe anamuthokoza kwambiri.

Anadikira. Sabata inatha, ina n'kutha. Ndalama zomaliza zinalowa, izi anazimva kwa a Hudson. Kenaka m'mawa wina kunabwera lole pamudzi n'kutsitsa njerwa zootcha, simenti, mafelemu achitsulo ndi malata amtundu wobiriwira, pa malo a pakati pa kanyumba kake ndi nthochi zija.

"Mayi akuti kampani ili ndi ntchito ina," anatero Emelda. "Nyumba ya zipinda zinayi. Akuti malipiro ndi omwe aja."

Fanuel anayang'ana katundu uja. Phindu lake lonse, puloti yake, geti lake, zonse zinali zitaunjikidwa apo kuti nkhalamba igone pabwino masiku ake otsala. Anakwiya kwambiri, ndipo poti analibe womukalipira, ukali wonse unapita m'manja. Anati aone, adziwe kuti amene akumuseweretsayu ndi mmisiri. Maziko anakumba akuya mpaka m'chiuno. Njerwa iliyonse yokhota ankaitaya. Pakhonde anaika zipilala zozungulira zimene anali atazisungira m'mutu kuti adzamange pa Thuchila, chifukwa dzanja la mmisiri silidziwa kusunga chinthu chokoma. Emelda ankabwera n'kumapempha tina ndi tina, kuti windo la kukhitchini liyang'ane chakunthochi, kuti chipinda chachikulu chikhale ndi malo a kabati. Iye ankachita, akuganiza kuti ndi zofuna za mwini nyumba. Anthu odutsa ankaima n'kunena kuti nyumba ngati imeneyi kulibe ngakhale pa boma.

Itatha, a Esteri anaphikitsa thobwa ndi nyemba za kalongonda, n'kuitana mudzi wonse ndi akumpingo. Fanuel anayamba kunyamula mabenchi monga mwa masiku onse, koma a Jailos anamugwira dzanja n'kumukhazika pa mpando wa ndalema, kutsogolo. Apongozi anakhala pamphasa chapatali, atapereka msana.

A Jailos anaimirira, makiyi ali m'manja. Anati mlongo wawo wawatuma kuti anene mawu pamaso pa anthu. Akuti mkamwini wake wakhala pamudzi pano zaka zambiri osatukwana munthu, osamenya mkazi, akugona m'nyumba yodontha koma osadandaula. Akuti ndi iyeyu amene anamutsegulira kampani, iye osapempha, n'kumamutumizira shuga chaka ndi chaka. Munthu wotere sabwezeredwa ndi mawu okha.

"Ndiye akuti nyumba iyi ndi yanu, bambo a Brenda, inu ndi akazi anu. Mukhale pano mpaka Mulungu adzakuitaneni."

Nthungululu zinaphulika. Abusa anaimirira n'kunena kuti apongozi otere sanawaonepo chiyambire utumiki wawo. Amuna anzake, akamwini a pamudzipo, anabwera kudzamugwira chanza, nsanje ikuoneka m'maso. Fanuel analandira makiyi ndi manja awiri, atawerama, chifukwa panalibenso china choti munthu angachite. A Jailos anamuyandikira n'kulankhula chapansipansi, mokoma mtima ndithu.

"Za chitengwa zija mawu athu sanasinthe. Mukadzamanga yoposa imene akugonamoyi, mudzamutenge."

Fanuel anayang'ana nyumba ija, zipilala zake, malata ake, maziko amene anakumba yekha. Ankadziwa bwino kuposa wina aliyense kuti yoposa imeneyo sadzamanganso, chifukwa luso lake lonse linathera pomwepo. Anayang'ana Emelda. Emelda ankagawa thobwa akuseka, nkhope ili ngwee, ndipo apa Fanuel anazindikira za windo la kukhitchini lija, kuti mkazi wake sanafunepo n'kamodzi komwe kuchoka pafupi ndi mayi ake, ndipo iye sanamufunsepo. Zinamupweteka kwambiri, kuposa za ndalama. Misozi inalengeza, anthu n'kumati taonani, bambo akulira ndi chimwemwe.

Puloti ija a Thomson anagulitsa. Pano pali chigayo, ndipo Fanuel akamadutsa pa njinga amayang'ana mbali inayo.

Mvula itayandikira khonsolo inalengeza ntchito ina, yokonza makalavati a msewu wopita kumsika. Lamulo linali lomwe lija, makampani atatu. Fanuel anali atakhala pakhonde lake latsopano, pakati pa zipilala, pamene Emelda anatulukira kuchokera kunthochi, pepala ndi bolopeni m'dzanja limodzi, jumbo m'dzanja linalo. Anagwada.

"Mayi akuti musaine apa. Mtengo alembetsa kale."

Fanuel anawerenga. Khama Lipindula inali itakweza mopanda manyazi, ngati makalavatiwo ndi a golide.

"Wachiwiri ndani?"

"Ine. Inu ndinu omaliza."

Anakweza maso. Kuseri kwa nthochi apongozi ake anali pakhonde pawo akusankha nandolo m'lichero. Ataona kuti mkamwini wayang'ana chakumeneko, anatembenukira kumbali, chitenje n'kugwirira pakamwa, ulemu wonse uli pomwepo. Fanuel anasaina. Emelda atanyamuka ndi pepala, iye anasuzumira m'jumbo muja. Munali shuga, mapaketi awiri. Apongozi ake sanali oumira ngati iye.